Buku lojambulamo lakuda la A5 lija, ndaliyesa pa mbalame za mu Harare

Ndiyambe ndi yankho chifukwa ena mumatopa kuwerenga zazitali: ngati mukufuna buku lojambulamo loti lizizungulira anthu angapo pa positi, liguleni, koma ngati mukufuna loti mupentemo chithunzi cha madzi ambirimbiri choti mudzachipachike pa balaza, ndalama yanuyo isungeni kaye. Ndikunena buku lija la chikuto chakuda cholimba, saizi ya A5, mapepala 40 a 200 gsm (gsm ndi kulemera kwa pepala, magalamu pa sikweya mita imodzi), losokedwa ndi ulusi, lokhala ndi kalasitiki kotsekera komanso kathumba kumbuyo. Likupezeka mu shopu ina ya zolembera ndi zojambulira mtauni muno, ukachoka pa First Street sutuluka thukuta. Dzina la kampani palibe paliponse, kuseri kuli kasitika ka mtengo basi.

Kuti mumvetse chimene ndimalifunira. Tili ndi kagulu kathu, ena achibale ena tinangodziwana pa WhatsApp, wina ali ku Blantyre, wina ku Mzuzu, achimwene ena ku Johannesburg, mchemwali wina ku Lusaka, ine kuno ku Harare. Buku ndi limodzi, likafika kwa iwe umakhala nalo mwezi, umajambulamo mbalame za mtauni mwako kenako umalitumiza kwa wotsatira. Lamulo ndi limodzi lokha koma ndi lowawa: mbalameyo ikhale yamoyo, ili pamaso pako, osati kukopera chithunzi cha pa Google kapena kuyamba waijambula pa foni kenako nkumakaitsanzira uli pa sofa. Nde buku la ntchito imeneyi liyenera kupirira zinthu ziwiri zosiyana, kuyenda panja mdzuwa ndi mmame, komanso kuyenda mu thumba la makalata pansi pa katundu wa anthu ena.

Za shopuyo ndinene mwachidule. Mayi amene amagulitsa pamenepo amadziwa katundu wawo, sikuti amangokulozera shelefu ayi. Nditafunsa ngati pepalali limalola madzi anatulutsa buku lina lachitsanzo lothimbirira kale, anandipatsa kabulashi ndi madzi a mu kapu yawo kuti ndiyese ndekha pakona, zimene mashopu ambiri sangalole olo uwachonderere. Mtengo unali madola 11.50, ndipo monga mwa masiku onse mu Harare muno chenji cha masenti panalibe, anandifunsa kuti chenjicho ndikufuna ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, kapena pensulo, ine ndinatenga pensulo. Vuto lawo ndi lakuti katundu akatha amatenga nthawi kubwera, ndiye ukaona chinthu chabwino usamati ndidzabwera mwezi ukatha.

Tsopano kulemera, chifukwa ku positi amakulipiritsa potengera sikelo. Pepala la A5 ndi mamilimita 148 kwa 210, ndiye likakhala la 200 gsm tsamba limodzi limalemera magalamu 6 ndi kanthu pang'ono, onse 40 akukwana pafupifupi magalamu 250, kuonjezapo chikuto ndi zokutira sufika theka la kilo. Lija la 300 gsm limene anthu a penti ya madzi amalitamali tsamba lililonse ndi magalamu 9 kupitirira, mapepala 40 ndiye kuti magalamu 370 chikuto usanawerengere, ndipo bukulo limanenepa moti mu envulopu wamba silikwana. Mukaganiza kuti aliyense mu gulu alipira yekha ulendo wake, ena ndi makwacha ena ndi marandi, kusiyana kumeneko sikochepa. Malire a kaphukusi kakang'ono kopita kunja pa positi ndi makilo 2, apo tili kutali, koma mtengo umakwera mmasitepe ndiye ukangodumpha sitepe ndi magalamu ochepa walipira zambiri.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kasokedwe. Buku lathu loyamba linali la waya wozungulira uja, linabwera kuchokera ku Johannesburg waya ataphwanyika mbali imodzi, kuti utsegule tsamba umachita kulimbana nalo ndipo mabowo anayamba kung'ambika, chithunzi cha achimwene aja cha mpheta chinangotsala pang'ono kuthothoka. Ili ndi losoka, ukalitsegula limagona fulati pakati popanda chigwa, moti masamba awiri amasanduka tsamba limodzi la A4. Kwa mbalame zimenezi nzofunika heve, khwangwala akatambasula mapiko sakwana pa tsamba limodzi pokhapokha umuchepetse akhale kanthu kosaoneka.

Ndipo khwangwala ndi amene ndinayamba naye, pa Africa Unity Square, nthawi ya lanchi anthu akudya tchipisi pa mabenchi, majakaranda atayamba kuthothola maluwa ake apepo aja mu Okutobala. Khwangwala ndi kasitomala wabwino kwa wojambula, saopa anthu, amatera pa bini nkumakuyang'ana ndi diso limodzi mutu ataupendeketsa, kenako amadumpha kawiri cham'mbali, nkusolola pepala la mafuta ndi mlomo kwinaku ataliponda ndi phazi. Pensulo ya 2B imagwira bwino pa pepalali chifukwa ndi lokhakhala pang'ono, silotelera, mzere umodzi wa msana kuchoka pa mutu mpaka kumchira umatuluka wakuda bwinobwino osachita kubwereza. Peni ya inki yosasungunuka ndi madzi, ine ndimagwiritsa Pigma Micron ya 03, simwazika ndipo siyoonekera kuseri, zimene ndi nkhani yaikulu pa buku la anthu ambiri poti kuseri kwa tsamba lako ndi tsamba la mnzako.

Koma pa khwangwala yemweyo ndi pamene ndinaonera vuto loyamba. Pepalali siloyera mbee, ndi lotuwira chachikasu pang'ono, ndipo mu penti ya madzi kuyera sumapenta, umangosiya pepala. Nde chifuwa cha khwangwala ndi kolala yake ija zimatuluka zoderako, mwayi wake akhwangwala a mtauni nawonso sikuti ndi oyera kwenikweni poti amakhalira mmabini kkkk. Kakowa ndiye amavuta zenizeni. Kuti aoneke umayenera kudetsa kumbuyo kwake ndi msipu wobiriwira kwambiri, apo ayi ukhale ndi kachubu ka gouache yoyera, penti ya madzi yokhuthala imene imaphimba za pansi pake, yomwe ndi ndalama ina. Mbali inayo, njiwa zimakoma pa pepala limeneli kuposa pa loyera. Kuno tili ndi mitundu itatu imene umaiona tsiku lililonse pa mawaya ndi mmayadi, yaikulu ija ya maso ofiira, yapakati yotuwa yokhala ndi kamzere kakuda kumbuyo kwa khosi, ndi yaing'ono yofiirira yopanda kamzere koma ya madonthomadontho pachifuwa, ndipo mitundu yawo yonse ndi yofatsa, phulusa losakanikirana ndi katondo, ndiye pepala lachikasu limaipatsa kutentha kwinakwake kosangalatsa.

Nkhani ya madzi ndi iyi. Ukapaka kamodzi zili bho. Ukapaka kachiwiri pomwepo pasanaume tsamba limayamba kupindika ngati fodya wouma mchigafa, ukaonjeza kachitatu nkumakhutiza ndi bulashi limatuluka timaubweya ndipo mtundu umasanduka matope. Chifukwa chake nchakuti ndi pepala lopangidwa ndi mitengo osati thonje, pepala la thonje limamwa madzi pang'onopang'ono ndipo limapirira kuchapidwa, ili limamwa msanga nkutopa msanga. Kuonjezera apo Harare ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,500, mu Seputembala ndi Okutobala mpweya umakhala wouma kwambiri moti penti imauma usanatembenuke nkomwe, nkusiya mizere yolimba mmphepete pamene iwe umafuna pafewe. Nthawi ya mvula zimasinthako. Ine ndinangozolowera kupaka kamodzi nkusiya, ndipo kunena zoona mbalame simakupatsa mpata wopaka katatu. Usiku ndimalitseka ndi kalasitiki nkuikapo mabuku olemera, mmawa masamba amakhala atawongoka ndithu.

Apa ndi pamene ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene bukuli limapambanira mabuku odula. Pumbwa. Aliyense amene anayesapo kujambula pumbwa akudziwa kuti kambalame kameneka sikakhala pansi, katera pa nthambi ya mpapaya, kajompha, kayang'ana uku, kalira, kapita, zonsezo masekondi osakwana khumi. Njira yokhayo ndi kuyamba tizithunzi tambirimbiri pa tsamba limodzi, apa kadzira ka thupi, apa mutu wakuda ndi kasumba kake, apa mchira ndi kachikasu kaja ka pansi pake, kakauluka umasiya pomwepo nkuyamba kena, kakabweranso nkukhala mmene kanakhalira poyamba umabwerera pa koyamba kaja nkuonjeza mwendo. Tsamba limatha lili ndi apumbwa theka theka, ena opanda mitu ena opanda miyendo, mwa onsewo mwina awiri okha ndi amene ali ndi moyo. Tsono ukakhala ndi buku la madola 40 dzanja limauma, umaopa kuwononga tsamba, umadikira mbalame yoti ikhale phee yomwe kulibe, mapeto ake umabwerera kunyumba buku lili loyera. La madola 11 suliopa. Ndipo mu gulu lathu si onse anaphunzira zojambula, mchemwali wa ku Lusaka uja ndi namwino anayamba chaka chatha chomwechi, buku likakhala lapamwamba kwambiri munthu wotere amachita manyazi kulembamo pafupi ndi ntchito ya anzake, pamene ili limaoneka kuti ndi la ntchito, lolakwitsiramo.

Chikuto cholimbacho ndinachiyamikira ku Monavale. Amene simukudziwa, ndi dambo limene lili mkati mwa tauni cha kumadzulo, linalowa mgulu la madambo otetezedwa a Ramsar mu 2013 limodzi ndi Cleveland Dam ndi Lake Chivero, ndipo a BirdLife Zimbabwe amayendako ndi anthu kukaona mbalame mmawa. Kuyambira Disembala mpaka cha mu Malichi udzu ukatalika ndi pamene timpheta tamphongo timavala zaukwati, kaja kofiira piriwiri ndi kukuda kotchedwa red bishop kamadzitukumula pa bango nkumauluka pang'onopang'ono mokhala kolemedwa, ndi kena kakuda ka mchira wautali kokhala ndi chikasu pamsana. Mwezi wa Julayi mukapita simungatizindikire, timakhala totuwa tonse. Kudambo kulibe benchi, kulibe tebulo, umaima mmatope buku lili pa mkono, ndipo chikutochi sichipindika olo utsindike pensulo. Saizi ya A5 imakwana mdzanja limodzi, chala chachikulu chikugwira kabokosi ka penti. Zimandiwawa ndikaona mmene madambo a mu Harare akuthera, uku nyumba uku minda ya chimanga, kumachita kudabwa kuti madzi a mu Chivero anthu akuganiza kuti amachokera kuti, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chikuto chomwecho chili ndi matenda ake awiri. Ukachisiya padzuwa chimatentha moti guluu wa pamsana amayamba kununkha, ndipo chikanyowa ndi mame kapena mvula yowaza chimasuluka, chikhatho chimada, ukaiwala nkugwira tsamba wasiya chidindo cha zala. Ine ndinalikutira ndi chidutswa cha chitenje, zinathera pomwepo, ndipo likuoneka bwino kuposa mmene linalili.

Ku Tafara, lokeshoni ya kummawa kwa Harare, ndinapita nalo mu Januwale chifukwa cha timphamba tija totchedwa Amur falcon timene timagona mmitengo ya bulugamu kumeneko. Timbalame timeneti timaswana kutali, kummawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China, timadutsa ku India, nkuwoloka nyanja yamchere osapuma mpaka kufika ku Africa, timakhala kuno nthawi ya mvula tikudya inswa ndi ziwala, cha mu Malichi tabwerera. Madzulo dzuwa likamalowa timabwera tambirimbiri kuchokera mbali zonse nkumazungulira pamwamba pa mitengo. Pamenepo palibe za nthenga kapena diso, umangolemba timizere tokhota msangamsanga masamba awiri onse kudzaza, ndipo apa kugona fulati kuja kunagwira ntchito yake. Kuwala kunali kochepa koma pepala lokhakhalalo umalimva ndi pensulo ngakhale sukuona bwino.

Kumeneko kuli amalume anga, anabwera kuchokera ku Dedza kalekale mzinda uno ukadali Salisbury, anagwira ntchito ya mmaluwa mmayadi mpaka kupuma, mbalame amazidziwa kuposa ine ndi foni yanga. Anatenga bukulo, anavala magalasi, akutsegula tsamba limodzilimodzi atanyowetsa chala ndi malovu, ine mtima uli mmwamba poti ndi penti ya madzi. Pa apumbwa opanda mitu aja anaseka mpaka kutsokomola. Atafika pa nantchengwa amene ndinamujambula ku Cleveland Dam ataima mmadzi osaya akuvundula matope ndi phazi, anatseka buku.

"Iwe mphwanga, mbalame zonse zili mu Harare muno iwe wakasankha nantchengwa? Ndiye ukamutumize kwa anthu pa positi?"

"Amalume, ndi chithunzi chabe ichi, komanso taonani mutu wake mmene unakhalira."

"Chithunzi chabe. Wolandirayo akadwala udzayankha ndiwe."

Kenako okha anatsegulanso, anayang'anitsitsa, nkundiuza kuti khosi ndalitalikitsa, nantchengwa amalibweza mkati, ndipo anayamba kundifotokozera za chisa chake chachikulu chija cha mitengo ndi matope, chopitirira mita imodzi, chokhala ndi khomo pansi cham'mbali, choti munthu wamkulu atha kuimapo osagumuka. Chala chawo chinasiya kabanga pakona ya tsamba koma penti sinasunthe, pepalali likamwa mtundu lamwa, pamenepo ndilipatse ulemu wake. Nantchengwayo anapita ku Blantyre ndithu.

Za katumizidwe, kwa amene mukufuna kuyambitsa kagulu kotere. Pensulo ya 2B imapaka tsamba loyang'anizana nalo buku likamagwedezeka pa ulendo, ndiye ikani kapepala kopyapyala kotsatira mizere kaja pakati, kapena pepala lililonse losalala. Penti ya acrylic tinaletsa chifukwa masamba amamatana kukatentha. Nthenga zenizeni tinaletsanso, wina amafuna kumata ya nkhanga, koma zinthu za nyama pa malire a mayiko zimakhala ndi malamulo ake ndipo palibe akufuna buku la anthu onse ligwidwe chifukwa cha nthenga imodzi. Ndimaliika mu pulasitiki, kenako makatoni awiri uku ndi uku, kenako envulopu, ndipo ndimatumiza ya rejisitala kuti pakhale nambala yolondolera. Pa kafomu ka kasitomu kaja ka CN22 ndimalemba zoona, kuti ndi buku lojambulamo logwiritsidwa kale ntchito, si malonda. Musanatumize jambulani masamba onse pa foni, anu ndi a anzanu omwe. Ena anati bwanji tizingopatsira ma basi a ku Roadport, depoti ya ma basi opita kunja, odzera pa Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza poti mawa lake lafika, nzoona ndi zachangu, koma ambiri tinakana chifukwa masitampa timawadula nkumata mkati mwa chikuto chakumbuyo, pano pali a mayiko anayi.

Litazungulira nkubwerera kuno ndinaliyendera bwinobwino. Ulusi sunasunthe, palibe tsamba lathothoka olo limodzi, msana uli gwa ngakhale lanenepa ndi kupindika kwa masamba. Makona anayi onse anabunthuka, izo ndimayembekezera. Kalasitiki kanatha mphamvu, kakungolendewera, pano tikumanga ndi kachingwe. Kathumba kakumbuyo ndiye musakadalire, guluu wake ndi wa chinyengo, kanamatuka mwezi woyamba womwe ndipo kakalata kamene a ku Mzuzu anaikamo kanapezeka kakuyendayenda mu envulopu. Tinamata ndi tepi. Pa zinthu zonsezi chimene chimandikwiyitsa ndi kathumbako, chifukwa akanangokasiya osaika mwina mtengo ukanatsikako.

Kodi ndingagulenso? Ndagula kale lachiwiri la ulendo wotsatira. Koma chenjerani pogula, pa shelefu yomweyo pali lina lofanana nalo ndendende, chikuto chakuda, kalasitiki komweko, lotsikirako mtengo ndi madola atatu, koma mapepala ake ndi a 120 gsm ndipo ndi lomata ndi guluu osati losoka. Limenelo inki imaonekera kuseri ndipo madzi silifuna nkomwe. Musadalire sitika, pemphani mayi aja akutsegulireni, yang'anani pakati pa masamba muone ulusi ndi maso anu, kenako gwirani tsamba limodzi muliyang'anitse ku getsi, ngati mukuona mthunzi wa zala zanu bwinobwino libwezeni pa shelefu.